Laputopu ya atsibweni yakana WiFi, ndithandizeni abale

Nambewe_25: Moni nonse pagulu pano. Ndili pa vuto chonde ndithandizeni. Atsibweni anga andipatsa laputopu yawo yakale ya Dell, palembedwa Latitude D630, anabwera nayo kuchokera ku America kalekale ine ndili ku pulayimale. Inkachedwa kwambiri ndiye sabata yatha ndinapita nayo kwa mnyamata wina ku Old Town mbali ya ku Malangalanga uko, anaifomata nkuikamo Windows 7. Panopa ikuthamangako ndithu koma WiFi yasoweratu, pansi kumanja kwa sikilini paja pali kakompyuta kokhala ndi X wofiira basi. Ndabwererako dzulo akuti khadi la WiFi linapsa ndilipire K25,000 andiikire lina. Koma isanafomatidwe inkagwira bwinobwino kwa atsibweni ku Area 47. Khadi limapsa ndi kufomata? Ndili ndi asayimenti yopereka Lachisanu, kulemba pa foni zala zatopa

Gaba wa Kawale: D630??? kkkkk asisi imeneyo si laputopu ndi njerwa, kapangireni maziko a nyumba

Mai Awiri: Gaba munthu wabwera ndi vuto. Ngati mulibe chonena khalani chete kaye.

Mdala wa Biwi: Mwana wanga usalipire kaye. Kufomata sikupsereza khadi, khadi ndi chitsulo, kufomata kumangofufuta zimene zili mu hard disk. Tiyambe ndi zotsika mtengo. Ma D630 amenewo ndawagwira ambiri nthawi ndinkakonza makompyuta a mu ofesi, anatuluka mu 2007. Kumanzere kwake m'mbali muli kaswichi kakang'ono kokankha kutsogolo ndi m'mbuyo, ndi ka WiFi. Nthawi zambiri kamadzitseka kokha ukamaika laputopu m'chikwama. Tayang'ana kali mbali iti

Nambewe_25: Ndakaona bambo, ndinali ndisanakaoneko nkale lonse. Ndakakankha uku ndi uku koma palibe chasintha, X uja alipobe

Mdala wa Biwi: Kasiye pa on. Tsopano dina Start, m'kabokosi kosakira mulembe devmgmt.msc nkudina Enter. Pakatseguka Device Manager undiuze ngati pali chinthu chili ndi kachizindikiro kachikasu

Nambewe_25: Eee pali zambiri, pansi pa Other devices pali Ethernet Controller, Network Controller, Video Controller ndi china akuti Unknown device, zonse zachikasu

Mdala wa Biwi: Basi matenda tawapeza. Khadi lako ndi lamoyo, ndi limene likuoneka ngati Network Controller. Likanakhala lakupsa kapena lochotsedwa sibwenzi likuoneka nkomwe pamenepo. Windows ikuliona kuti lilipo koma sikudziwa chilankhulo chake chifukwa mnyamata uja sanaike ma driver, timapulogalamu timene timathandiza Windows kulankhulana ndi zipangizo ngati khadilo. Anangoika Windows nkukupatsa

Kabaza47: Zimenezi zinandichitikira ndendende chaka chatha. Anyamata ena amayenda ndi fulashi imodzi ya Windows yodulidwadulidwa ija yoti ichepe, anachotsamo ma driver ambiri, amangopopera laputopu iliyonse yabwera. Ukabwerera amati chapsa chakuti. Sindikunena onse ayi alipo ena odziwa ntchito ku town kuja koma uyu wakuonererani asisi

Gaba wa Kawale: Ine ndikanangogula ka dongle ka WiFi basi nkhani nkutha. TP-Link TL-WN725N kachepa ngati chikhadabo, umangobaya ku USB. Mashopu a makompyuta ku Area 3 ndi ku Old Town sikasowa. Mukuvutikiranji ndi khadi la 2007

Mdala wa Biwi: Gaba ka dongle kakonso kamafuna driver. Pa Windows 7 sikangoyaka kokha, mpaka uike ka CD kamene kamabwera m'bokosi. Ndiye agule chinthu kuti akakumane ndi vuto lomwelomweli? Dongle tiisunge ya pomaliza zikakanika

Gaba wa Kawale: chabwino madala, koma njerwayo malo oika CD ili nawo kkkk apa yokha yawina

Nambewe_25: Ndiye driver ndiitenga kuti poti laputopuyo siikulowa pa intaneti? Kuti ndipeze intaneti ndikufunika driver, kuti ndipeze driver ndikufunika intaneti, mutu wanga wazungulira

Mdala wa Biwi: Foni uli nayo, kebulo yotchajira uli nayo, zakwana. Koma tidziwe kaye dzina la khadilo chifukwa Dell ankaika makhadi osiyanasiyana mu model imodzi yomweyo, ena Intel ena Broadcom. Dina kumanja pa Network Controller, Properties, kenako Details, pa kamndandanda kaja usankhe Hardware Ids. Ulembe pano mzere woyamba

Nambewe_25: PCI\VEN_14E4&DEV_4311 ndiye pakupitirira zina zambirimbiri

Mdala wa Biwi: Zokwanira. VEN ndi kampani imene inapanga, DEV ndi mtundu wa chip. 14E4 ndi Broadcom, ikanakhala 8086 ndi Intel, 168C ndi Atheros, 10EC ndi Realtek. Manambala anayi amenewa ndinawaloweza ngati Atate Wathu. Ndiye lako ndi Broadcom 4311, a Dell ankalitchula Dell Wireless 1390. Pa foni pita pa tsamba la support la Dell, ulembe Service Tag, ili pa kasitika pansi pa laputopu, upite ku ma driver gawo la Network. Ukapanda kuona ya Windows 7 tenga ya Vista, nthawi zambiri imagwira. Onanso kaye ngati Windows yako ndi 32 kapena 64 bit, dina kumanja pa Computer nkusankha Properties. Ukadawuniloda ulumikize foni ndi kebulo, pa foni usankhe File transfer, ukope failo nkuiyendetsa. Chonde usatenge driver pa masamba aja odzadza mabatani obiriwira akuti Download Now, mmenemo ndi momwe mumachokera ma virus

Mjomba Linux: Ndafika mochedwa koma ndinene zanga. Asisi Windows 7 a Microsoft anasiya kuisamala pa 14 January 2020. Palibe ma update a chitetezo, Chrome inathera pa version 109, Firefox pa 115. Mukuvutika kulowetsa pa intaneti nyumba yopanda chitseko. Purosesa ya D630 ndi Core 2 Duo, 64 bit imakwanitsa, ikani Linux Mint ya Xfce kapena Lubuntu muone mmene gogo ameneyu angathamangire. Broadcom 4311 pa Linux ndi nkhani ya mzere umodzi, sudo apt install firmware-b43-installer, kurestata basi

Kabaza47: wayamba mlaliki uja

Mjomba Linux: Ndikunena zoona aise. Ndipo pa Linux sumafufuza ngati wakhungu, ukalemba lspci -nn ikukuuza khadi pompo, ukalemba rfkill list ikukuuza ngati WiFi yatsekedwa ndi swichi, imalemba Hard blocked yes, kapena yatsekedwa ndi pulogalamu, Soft blocked. Zimene madala akhala akufunsa ola lonse ine mizere iwiri

Mdala wa Biwi: Mjomba simukunama, za chitetezo cha Windows 7 mukunena zoona ndipo ineyo sindingalowe nayo ku banki. Koma mwaiwala kumuuza kuti mzere wanu umodziwo umafunanso intaneti, firmware imeneyo imachita kukatengedwa pa intaneti nthawi yoika. Kachiwiri Linux Mint yokha ndi ma GB awiri ndi kanthu, bandulo yake ndani agule. Mwanayu ali ndi asayimenti Lachisanu, lero Lachiwiri. Aphunzire Linux ndi LibreOffice, yolembera m'malo mwa Word, masiku atatu, alekichara nkukatsegula failo mu Word matebulo atabalalika?

Mjomba Linux: USB tethering ilipo, kugawa intaneti ya pa foni kudzera pa kebulo, Linux imaiona foni ya Android pompopompo osafuna driver. Ndipo asayimenti amatumiza PDF anthu ozindikira. Koma chabwino adutse kaye Lachisanu, akamaliza fulashi ine ndili nayo kale sawononga bandulo

Mai Awiri: Nkhondo ya Linux ndi Windows tinaimenya kale mwezi watha mpaka anthu awiri anatuluka pagulu, tisaiyambirenso pano chonde

Nambewe_25: Pepani ndinasowa, magetsi anazima ndipo batire la laputopuyi silisunga moto ngakhale mphindi zisanu, ukangozula chaja yafa. Abwera cha m'ma 9 usiku. Ndaika driver ija ya Vista 32 bit ndarestata, ABALE YAYAKA!!! kagetsi ka WiFi kayaka ndipo ikuonetsa ma netiweki anayi a maneba. Koma hotspot ya foni yanga siikuoneka. Foni ili pompano pambali pa laputopu, ya mng'ono wanga ikuiona hotspot yo bwinobwino

Gaba wa Kawale: Khadi lija lopsa lauka kwa akufa kkkkk K25,000 yapulumuka. Pemphani pasiwedi kwa neba basi

Mdala wa Biwi: Wachita bwino. Ili ndi vuto lina tsopano ndipo si la laputopu kwenikweni, ndi kusiyana mibadwo. WiFi imayenda m'misewu iwiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Khadi lako ndi la 802.11b/g, g ija inabwera mu 2003, liwiro lake lothera ndi 54 Mbps ndipo imadziwa msewu wa 2.4 wokha. Foni yako ikakhala ikuulutsa pa 5 GHz khadi limeneli silingaione olo uigoneke pa kiyibodi penipeni. Lowa mu Settings za hotspot, pali pena palembedwa Band kapena AP band, usinthe ikhale 2.4 GHz

Bigi Chinsapo: Kwa a iPhone amene akuwerenga mwakachetechete, kwanu kulibe mawu oti band, mu Personal Hotspot muyatse Maximize Compatibility ndi zomwezo, ili pa iPhone 12 kupita m'tsogolo. Ndinavutika nazo mwezi wathunthu ndi Toshiba ya akazi anga ndikumaitukwana laputopu yosalakwa

Nambewe_25: Yanga ndi Android. Ndasintha, yaoneka! Koma ndikalemba pasiwedi ikuzungulira kenako akuti Windows was unable to connect. Pasiwedi ndalemba kanayi ndi yolondola

Kabaza47: Caps Lock asisi, onani Caps Lock. Kapenanso Num Lock, pa malaputopu akale ikayaka zilembo za kumanja U I O J K L zimasanduka manambala iwe osadziwa poti pasiwedi imaoneka timadontho

Nambewe_25: Ndachonga pa kabokosi koonetsa zilembo achimwene, ikulembeka bwinobwino

Mjomba Linux: Momwe munasintha band muja yang'anani Security. Ngati palembedwa WPA3 ndi imeneyo. WPA3 inabwera 2018, Windows 7 siidziwa, khadi lanulo ndiye kutalitali. Ikani WPA2-Personal. Pena pamakhala WPA2/WPA3 zosakaniza, makhadi akale ena zimawasokonezabe, sankhani WPA2 yokha. Koma musaike None kapena Open ngati mmene wina akuuzireni posachedwapa, Area 25 yonse idzamwa bandulo yanu usiku umodzi

Gaba wa Kawale: ndinali ndikulemba kale zomwezo kkkk ndafufuta

Nambewe_25: Inalidi WPA3! Connected!!! Mulungu akudalitseni nonse. Ndigone kaye mawa ndiyesa rauta ya alandilodi, amatilola kugwiritsa ntchito tikasonkha pamwezi, bandulo ya pa foni singandifikitse patali

Phiri wa ku Kanengo: Pepani kulowerera nkhani ya eni. Ine ndili ndi HP yakale khadi lake ndi la g lomweli ndiye ndimaganiza zogula khadi la n, latsopano kuposa g, pa laputopu yakufa ndisinthe ndekha, zimatheka?

Mdala wa Biwi: Kutheka zimatheka a Phiri, ndi kakhadi ka Mini PCIe kali ndi timawaya tiwiri ta eriyo, koyera ndi kakuda, timachokera kuseri kwa sikilini. Koma HP ndi Lenovo za nthawi imeneyo zambiri zili ndi mwano, BIOS yake, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito laputopu ikangoyaka, ili ndi mndandanda wa makhadi ololedwa. Mukaika lachilendo HP imalemba 104 Unsupported wireless network device detected nkukana kuyaka, ThinkPad ya Lenovo imalemba error 1802. Ndiye mupite nayo laputopuyo mukayesere pomwepo musanapereke ndalama. Timawaya tija muzizula mokweza m'mwamba pang'onopang'ono, kamutu kake kakaduka mwadzipezera ntchito ina. Kwa inu dongle ya Gaba ija ndi yanzeru kuposa kutsegula

Gaba wa Kawale: Mwamva? lembani tsiku la lero, madala avomera

Nambewe_25: Mwadzuka bwanji. Ndabweranso musatope nane. Mavuto awiri. Loyamba rauta ya alandilodi siikuoneka pa laputopu pomwe mafoni onse m'nyumba muno akuiona, ndipo ndafunsa mwana wawo akuti ndi ya 2.4 yomweyo ilibe 5. Lachiwiri ngakhale pa hotspot yanga ija ikulemba Connected koma tsamba lililonse ndikatsegula akuti Your connection is not private, Google yomwe ikukana, Gmail ikukana. Usiku ndinangoona Connected nkugona osayesa

Bigi Chinsapo: Lachiwirilo yang'anani wotchi pansi kumanja. Ikuti lero ndi liti?

Nambewe_25: Iiii ikuti 2007 kkkkkk January

Bigi Chinsapo: Ndi zimenezo. Masamba a https ali ndi ma certificate okhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye kompyuta ikamaganiza kuti tili mu 2007 ikuona ngati certificate ya Google ndi yabodza poti tsiku lake silinafike. Konzani deti ndi nthawi, time zone musankhe ya UTC+02:00 pamene palembedwa Harare, Pretoria, ndi nthawi yathu yomweyo

Mdala wa Biwi: Ndipo ndikufunse, ukamayatsa siilemba Time-of-day not set nkukuuza udine F1?

Nambewe_25: Imalemba bambo tsiku lililonse, ndimangodina F1 ndimayesa ndi mmene imayakira

Mdala wa Biwi: Ayi ndi kulira kumeneko. Mkati muli kabatire kena kakang'ono kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CMOS, ka 3 volts, ntchito yake kusunga nthawi laputopu ikazima. Kako kanatha, zaka zonsezi nkosadabwitsa. Poti batire lalikulu nalonso linafa, magetsi akangothima wotchi imabwerera kumene inabadwira. Ndi ka CR2032 koma ka mu laputopu kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki ndi kawaya kobaya pa bodi, osati kongogula pa shopu ya mawotchi nkuponyamo. Panopa uzingokonza deti ukayatsa, kusintha kabatireko udzachite ukamaliza asayimenti

Nambewe_25: Ndakonza deti Google yatseguka!! Gmail yatseguka. Chatsala rauta ija

Mjomba Linux: Mwati laputopuyi inachokera ku America eti? Ndiye ndikukayikira channel. Msewu wa 2.4 uja unagawidwa timipata, ku America amalola 1 mpaka 11 basi pomwe maiko ambiri amafika 13. Makhadi ogulitsidwa ku America ambiri 12 ndi 13 saziona. Rauta ikakhala pa Auto imasankha yokha pamene pali phee, ndiye pa malo othinana ngati ku 25 maneba onse ali pa 1 mpaka 11 iyo imathawira ku 13, laputopu yanu nkukhala ngati rautayo kulibe. Umboni wake ndi woti tsiku lina idzaoneka tsiku lina nkusowa popanda wagwira kanthu

Kabaza47: Ameneyu akasiya kulalikira amadziwa zinthu

Mjomba Linux: Pa foni yolumikizidwa ku rautayo mutsegule browser mulembe adiresi yake, yalembedwa pa sitika kunsi kwa rauta pamodzi ndi username ndi pasiwedi ya admin, ma Huawei ambiri ndi 192.168.8.1 ena 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Mu WiFi settings muchotse Auto muike channel 1, 6 kapena 11, zitatuzi ndi zimene sizipondana. Muonenso mode isakhale n only, ikhale b/g/n, apo ayi khadi la g silidzalowa

Mai Awiri: Koma Nambewe upemphe kaye kwa eni ake, usakangolowa mu rauta ya alandilodi ngati yako. Ukasintha WiFi imaduka kwa aliyense kamphindi, ndipo mawa ikadzavuta pa zifukwa zina adzati ndi mwana wa lendi uja anaiwononga. Anthu amasamutsidwa pa nkhani zazing'ono kuposa imeneyi

Gaba wa Kawale: komanso osakhudza kabowo kalembedwa Reset. ndikudziwa munthu wina anabaya ndi chotokosera m'mano nyumba yonse nkukhala sabata opanda intaneti. sindinena kuti ndani

Bigi Chinsapo: ndiwe Gaba

Nambewe_25: Kkkkk. Ndapita kwa amayi alandilodi ndawafotokozera, anandiyang'ana nthawi yaitali nkunena kuti za machanelo iwo amadziwa za pa TV zokha, ndidikire mwana wawo abwere ku ntchito. Wabwera madzulo ano talowa limodzi pa foni yake, inalidi pa Auto ndipo pambali palembedwa 13. Taika 6. Laputopu yaiona nthawi yomweyo timizere tinayi, ndalowa. Ndikulemba uthenga uno pa njerwa ija a Gaba

Gaba wa Kawale: ulemu wanu asisi, njerwa yalankhula

Mdala wa Biwi: Zikomo potiuza mathero, ambiri akathandizidwa amangosowa. Tsopano driver ija usaifufute, uisunge pa fulashi ndi pa foni. Utengenso ya Ethernet ndi ya Video zija zatsala zachikasu, njira ndi yomweija ya Hardware Ids, sikilini idzaoneka bwino kuposa mmene ikuonekera pano. Ndipo uone RAM ili bwanji, ngati ndi 1 GB usatsegule matabu khumi, imalandira DDR2 ukapeza yotsika mtengo uwonjezere

Nambewe_25: Ndi 2 GB bambo. Ndasunga kale pawiri. Kwa mnyamata uja ndidutsako Loweruka ndikangomuonetsa khadi lake lopsa lija likugwira ntchito, sindikakangana naye

Mjomba Linux: Loweruka lomwelo mukatsika ku depoti mundiuze, ndimakhala cha ku Area 2 mmawa wonse, ndibwera ndi fulashi ya Mint muiyese osaika, imayenda kuchokera pa fulashi pomwepo Windows yanu osaikhudza. Mubwere ndi chaja poti batire mwati ndi la mphindi zisanu

Nambewe_25: Ndibwera nayo achimwene, koma asayimenti ipite kaye. Tsamba lachitatu pano, atsala asanu ndi awiri